Chingwe cha Kumwendo

Pa nkhani ya tulo, Kuluthumu analibe mnzake, ndipo a ku Vubwi, kumalire a Zambia ndi Malawi, sanaiwale. Ali mtsikana anagonapo pamwamba pa matumba a mtedza m'ngolo ya atate ake, n'kukadzidzimukira ku Malawi, ng'ombe zikumwa madzi. Tulo take sitinkaopa dzuwa, phokoso kapena ntchentche.

Tulo timeneto tinathawa mwana wake Aziza atayamba kugwa khunyu ali ndi zaka zinayi. Matendawo ankakonda kubwera usiku. Choncho Kuluthumu anang'amba mpendero wa chitenje, mbali ina n'kumamanga kumwendo kwa mwana, ina kudzanja lake. Mwana akangogwedezeka, mayi wadzuka. Zaka zisanu ndi ziwiri zinatha chomwecho.

Mankhwala a kuchipatala anagwira, chaka chinatha Aziza osagwa, koma tulo sitinabwerere. Tinkangomubera masana. Tsiku lina pamsika wa Katete anawodzera akukazinga zitumbuwa, mafuta n'kumuwotcha mkono.

"Mayi, mukapanda kugona mudzagwera m'chiwaya," anatero a Norah, anamwino, akumumanga bandeji. "Ndiye mwanayu adzamulera ndani? Chotsani chingwecho."

Anachichotsa. Usiku umenewo anangokhala maso tong'o, dzanja lili lopepuka modabwitsa, akumvetsera mpweya wa mwana. Anachisowa chingwe chija. Anasowa ngakhale masiku oopsa aja, pamene kamwendo kanali kakang'ono moti nsalu ankaizunguliza kawiri.

"Amama, simunagone," Aziza ananong'ona. Anapapasa pansi pa pilo, natulutsa chingwe chija, n'kudzimanga yekha kumwendo. "Bweretsani dzanja. Gonani chabe, sinizakuutsani. Nimadziwa kugona osagwedezeka."

"Unaphunzira liti zimenezo?"

"Kalekale. Mwendo ukachita dzanzi nimangopirira, kuti imwe mugoneko pang'ono."

Chisoni chinamugwira Kuluthumu. Zaka zonsezi ankayesa mlonda ndi iye yekha, osadziwa kuti kumapeto enawo kwa chingwe kunalinso wina wosagona. Anamasula mfundo ya kumwendo ija, nakulunga chingwe chonse padzanja lake.

"Tambasula miyendo, mwanangu. Gubuduka mmene ukufunira."

M'mawa mwake azana yoitanira anthu kumzikiti inamveka, inatha, iye osaimva. Amuna ake, a Yakubu, pochokera kumzikiti anamupeza akuliza mkonono ngati mtsikana wa m'ngolo uja, mwendo wa Aziza uli pamimba pake.