Yamikani Ataba Pulogalamu Yanga Kumaloto

Ndinalota dzana kuti tsiku loonetsa pulogalamu yathu ya pakompyuta lafika, ndipo mpaka pano mtima ukuwirabe. Pulogalamuyi ndinailemba ndekha. Ukaionetsa kabokosi kamasewera kozunguza mutu kaja, ka mitundu isanu ndi umodzi, imakuuza mopotokolera mpaka mbali iliyonse ikhale ya mtundu umodzi. Yamikani, amene aphunzitsi anandiika naye gulu limodzi kukoleji, sanalembeko ngakhale mzere umodzi.

M'malotomo kalasi yathu inali chigayo, ndipo fumbi la ufa linkanditsamwitsa. Nditadina batani, chipinda chonse chinayamba kupotokoka. Khoma lofiira linakwera kudenga, mabenchi n'kupendekeka. Kabokosiko kankanditentha m'manja ngati mbatata yootcha, koma zala zinakana kukasiya.

Kenako zonse zinabwerera m'malo mwake, aphunzitsi n'kuyamba kuwomba m'manja.

"Yamikani, iwe uli ndi mutu!" anatero.

"Ndinavutika nayo zedi, aphunzitsi," anayankha, atavala jekete langa.

Ndinafuna kukuwa kuti akunama, koma m'kamwa mwanga munali mutadzaza gaga. Aphunzitsi anandiyang'ana ngati sandidziwa. "Chemwali, tasesani pansipa."

Nditadzuka ndinamuimbira foni Yamikani n'kumukalipira. Iye anangoseka. "Iwe Tadala, ukundikwiyira chifukwa cha maloto?"

Kaya malotowa akundichenjeza kapena ndi mantha anga chabe, sindikudziwa. Koma dzulo ndinamupatsa laputopu kuti ayendetse yekha pulogalamuyo. Anaiyang'ana nthawi yaitali, munthu woti dzina lake lili pamwamba pa langa pa lipoti, kenako anandifunsa kuti, "Kodi timadina pati?"