Chitini Chomata ndi Phula

"Ababa, mawu akatuluka m'kamwa amapita kuti?" anafunsa Jacinta tsiku lina.

Bambo ake, a Jeremiah a ku Mitundu, sanali munthu wopupuluma. Chimene ankadziwa n'chakuti masiku amenewo mawu ankauluka ndi mphepo mpaka kwa ayufi a chipani, kenaka mwini wake n'kuwatsatira pa galimoto, osabwerako.

Ku sukulu yausiku aphunzitsi anawaphunzitsa mawu a Chingerezi akuti eyataiti: kutseka chinthu mwakuti mpweya usalowe, usatuluke, monga nsomba za m'chitini. A Jeremiah anasinkhasinkha. Nanga mawu si mpweya?

Anatenga chitini chakale cha mkaka, n'kuikapo pakamwa, n'kukhuthuliramo zonse: za khadi la chipani limene anakakamizidwa kugulira mwana akadali m'mimba, za tambala wawo amene anatengedwa ati ndi mphatso. Anavundikira, n'kumata phula. Mtima unapepuka.

Tsoka ilo, mai a Jacinta, osadziwa kanthu, anapatsa chitinicho a Maliro, oyandikana nawo nyumba, amene ankafuna moikamo fodya wamphuno wokagulitsa ku Nathenje. A Jeremiah atamva, anapalasa njinga ngati akuthawa njuchi.

Anawapeza pakhomo pa msika, mpeni uli kale pa phula. Chapomwepo ayufi anali kuona makhadi.

"A Maliro, musatsegule!"

"Bwanji, aneba? Muli mphiri?"

"Muli mawu."

"A yani?"

"Anga. Ndipo mphepo ikulowera uko."

A Maliro anayang'ana ayufi aja, n'kubweza mpeni m'thumba pang'onopang'ono. Anagwedeza chitinicho pafupi ndi khutu.

"N'chifukwa chake chimandilemera pokwera mtunda. Za tambala zilimo?"

"Zilimo."

"Nanga za mbuzi yanga ija?"

"Malo anachepa."

Milomo ya a Maliro inayamba kunjenjemera ngati chivundikiro cha mphika wowira. A Jeremiah anaona kuti munthuyu wadzaza mpaka m'khosi, ndipo angaphulikire pomwepo.

"Gwirani pakamwa mpaka tikafike kumudzi," ananong'ona.

"Chitini ichi sindidzachitsegula, ngakhale mutafa," anatero a Maliro, mano ali chilumire. "Koma inu mundimatire changa. Osati kachitini. Mgolo."

"Loweruka ndikumatirani," anatero a Jeremiah. "Phula lilipo."