Ulusi Uli Pansi pa Mzere

Kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri, a Zanyengo ankalawira m'mawa uliwonse kukasuzumira m'kachitini koyezera mvula kuseri kwa ofesi yawo, n'kulemba m'buku madzi amene agwa. Atapuma pantchito yoona za nyengoyo, dzina limene inawapatsa silinawachoke. Khalidwe lolemba manambala nalonso linawatsatira kunyumba, kungoti tsopano ankalemba mitengo ya masheya.

Anali m'gulu la anthu khumi ndi awiri, ambiri opuma pantchito ngati iwo, amene ankasonkha kangachepe mwezi ndi mwezi n'kumagula masheya m'makampani. Ntchito yawo m'gululo inali yojambula mizere papepala la timabokosi. Pensulo yakuda inkatsata mtengo wa tsiku lililonse. Yofiira inkatsata avareji ya mitengo ya masiku mazana awiri apitawo, ndipo mzere wake unkayenda modekha ngati nkhalamba yopita kumaliro. Ena ankangoona zimenezi pafoni, koma a Zanyengo ankati nambala imene sunaiphatikize ndi manja ako sumaidziwa mtima wake.

Gululo linali ndi lamulo, ndipo analibweretsa ndi iwo omwe: mzere wakuda ukakhala pansi pa wofiira miyezi itatu, masheyawo agulitsidwe popanda kukangana.

Tsopano lamulolo linali litawatembenukira. Panali kakampani kopanga ulusi, kakang'ono moti masheya ake ankatha sabata osagulidwa ndi munthu. Ndi a Zanyengo amene anakopa anzawo kuti aikemo ndalama, mtengo uli pa 20. Lero unali pa 14, mzere wofiira uli pa 18, ndipo Loweruka miyezi itatu inali kukwana. Akagulitsa, chuma cha gulu chidzabwerako chitaonda, ndipo aliyense adzadziwa amene anachiondetsa.

Lachinayi masana anali atakhala patebulo lawo lalitali. Tebulolo anagawana kalekale ndi akazi awo: uku mapepala ndi rula, uko makina osokera. Akazi awo anali telala, ndipo sabata imeneyo anali kalikiliki ndi mayunifolomu a sukulu.

"Abambo, kupuma kumeneko ngati ng'ombe yokoka ngolo pachitunda, kwagwanji?" anafunsa mayiwo, phazi lili pachopondera.

"Mzere, amayi. Wakana kudzuka."

"Ndiye muupatse mankhwala."

"Musaseke. Loweruka tikugulitsa kampani ya ulusi ija. Anthu ndinawalowetsa m'madzi ndine."

Makina anasiya kulira. Mayiwo anawayang'ana amuna awo pamwamba pa magalasi, kenaka anazula mpukutu wa ulusi wabuluu pamakinapo n'kuugubuduza patebulo. Unadutsa malire, n'kukaima pa pepala la timabokosi.

"Werengani chizindikiro chili pansipo."

A Zanyengo anautembenuza. Chinali chizindikiro chomwe chija chimene chinali pachikuto cha lipoti la kampaniyo.

"Zaka zitatu mukuijambula kampani imeneyi pamphuno panga," anatero mayiwo, "koma tsiku ndi limodzi lomwe simunandifunsepo kuti amayi, kodi ulusi umenewu umasoka? Mukanandifunsa musanagule, ndikanakuletsani. Unali ulusi wachabechabe. Unkaduka ukangoona singano. Ine ndinausiya kalekale."

"Ndiye bwanji uli pamakina anu?"

"Chifukwa si womwe uja. Miyezi isanu yapitayo mwini sitolo imene ndimagulako ulusi anandikakamiza mpukutu umodzi, akuti ndikayese. Taudulani ndi manja tione."

Anaukulunga ku zala ziwiri n'kukoka. Ulusi unalowa m'khungu mpaka zala zinayera, ndipo unaduka atakukuta mano.

"Mwaona? Vuto lake pano ndi kuupeza. Galimoto ya kampaniyo imabwera Lachisanu, ikamafika Lolemba shelefu ili mbee. Mawa muvale nsapato, mundiperekeze."

M'mawa mwake anapitadi. Sitoloyo inali yopapatiza, yonunkha nsalu zatsopano, mabatani ali m'mabotolo ndipo mazipi akulendewera pamisomali. Anapezamo matelala asanu ndi awiri atatsamira kauntala, akudikira kuti makatoni atsegulidwe. Mwini sitolo ankagawa mipukutu khumi pa munthu, osapitirira. Wina atapempha makumi awiri, anzake anamukuwiza.

"Iwe ukufuna kusoka tenti ya ukwati? Tisiyireko!"

A Zanyengo anaima pakona, chipewa chili m'manja. Ankaona akazi awo akusankha mitundu, akuunika ulusi pawindo, matelala anzawo akuwafunsa maganizo ngati mmene anthu ankawafunsira iwo za mvula. Anthu onsewa, pamzere wawo wofiira panalibe ndi mmodzi yemwe.

Atabwerera kunyumba sanathamangire kusangalala, poti ntchito yawo yakale inawaphunzitsa kuti mtambo wakuda umatha kudutsa osagwetsa kanthu. Anatenga lipoti la pachaka la kampaniyo, limene poyamba anangoliwerenga tsamba la phindu n'kuliponya m'kabati. Ulendo uno analiyamba pachiyambi. Patsamba lachisanu ndi chinayi panalembedwa kuti kampaniyo inachotsa makina akale n'kugula atsopano, mbali ina ndi ngongole, ndipo chifukwa cha zimenezo eni masheya sagawiridwa kanthu chaka chino. Mtengo unayamba kutsika sabata yomwe nkhaniyo inatuluka. Kenaka anabwerera m'manyuzipepala amene ankasunga pansi pa bedi, n'kuyang'ana danga limene ankalidumpha nthawi zonse, la kuchuluka kwa masheya ogulitsidwa. Anali ochepa momvetsa chisoni. Tsiku lina mtengo unagwa chifukwa cha munthu mmodzi yekha.

"Amayi," anatero madzulo ake, "mawa mupite nane kumsonkhano."

"Kukatani ine kwa anthu a mizere?"

"Mukayankhule. Ine ndikanena, akati ndikuteteza nkhope yanga."

Gululo linkakumana m'kalasi ya sukulu ina, akuluakulu atadzipanikiza m'madesiki a ana, mawondo ali kukhosi. Kutsogolo kunakhala a Tcheya, amene kale anali mphunzitsi wamkulu ndipo ankayankhulabe ngati onse ndi ana a sitandade faifi. Pafupi ndi zenera panali mlamu wa a Tcheyawo, wogulitsa mankhwala, amene anzake ankangomutcha a Foni chifukwa maso ake sankachoka pagalasi.

"Nkhani ya ulusi ndi yachidule," anatero a Tcheya. "Lamulo lilipo, ndipo mwini lamulo ndi uyo wakhala apoyo. A Zanyengo, miyezi yakwana?"

"Yakwana, a Tcheya. Mtengo uli pansi pa mzere, sindikubisa." Anapachika pepala lawo pabolodi. "Koma ndikupempha kuti tisagulitse lero."

"Aaa, mvula yasintha!" anafuula a Foni. "Inu kale munkati igwa Lachiwiri, ife n'kubzala, iyo n'kubwera mwezi wamawa."

Anthu anaseka, a Zanyengo nawo anaseka pang'ono.

"Zoona, achimwene, ndinkaphonya. Koma avareji ndimaidziwa. Imakuuza za masiku amene apita. Chaka chikakhala pansi pa avareji, mwina ndi chilala, mwina mvula yangochedwa. Sungadziwe uli muofesi. Umatuluka kukakumba dothi. Ine lamuloli ndinalilemba ndili muofesi."

Anafotokoza za makina atsopano, za ngongole, ndi za kuchepa kwa masheya ogulitsidwa. Kenaka anatembenukira kumbuyo kwa kalasi.

"Dothi lake ndabwera nalo. Awa ndi mayi a kunyumba, ambiri mukuwadziwa. Asoka zaka makumi anayi."

Mayiwo anadzuka mosafulumira, chikwama chili m'khwapa. Anaika mipukutu iwiri patebulo la a Tcheya, wina wofumbira wa kale umene anaupeza pansi pa bokosi la zigamba, wina watsopano.

"Ine za mizere sindidziwa," anatero. "Bambo a foniwo abwere adule."

A Foni anaika foni pansi, koyamba chiyambire msonkhano. Ulusi wakale unangoti phwe. Watsopano anaukoka, nkhope inachita makwinya, ndipo utaduka anayamwa chala.

"Mayi, mwandipweteka."

"Pepani bambo, mankhwala muli nawo kusitolo kwanu."

Kalasi yonse inagwa ndi phwete, a Tcheya mpaka kuvula magalasi. Mafunso anayamba kugwa ngati matalala, ndipo onse ankapita kwa mayiwo. Mtengo wake bwanji poyerekeza ndi wochokera kunja? Wotsikirapo pang'ono. Umasuluka ukachapidwa? Wofiira wokha, ndipo anauza kale mwini sitolo kuti akauze a kampaniyo. Matelala angati abwerera ku ulusiwu? Mumsewu wawo wokha, onse kupatula mmodzi wamakani. Ankayankha mosakometsera, chabwino ndi choipa chomwe. A Zanyengo anakhala pansi mwakachetechete m'kadesiki kawo, chifuwa chitadzaza moti anaopa kuti batani lithothoka. Ngakhale likanathothoka, wolisokerera anali pomwepo.

A Foni sanagonje msanga. "Ulusi ndi wolimba, ndavomera. Koma msewu umodzi si dziko lonse. Ndipo ngongole sidulidwa ndi manja."

"Mwanena zoona," anayankha a Zanyengo. "Kachitini kamodzi sikayeza mvula ya chigawo chonse. N'chifukwa chake sindikuti tigule ena. Ndikuti tidikire lipoti la miyezi isanu ndi umodzi. Likaonetsa kuti malonda sanakwere, ndidzakhala woyamba kuimika dzanja kuti tigulitse."

Anavota. Manja asanu ndi atatu anati adikire, anayi anati agulitse, ndipo la a Foni linali mwa anayiwo. A Tcheya anatsegula buku la malamulo n'kuwonjezera mawu pansi pa lamulo lija, akuwatchula mokweza pamene ankalemba: tisanagulitse, tiyambe tafunsa munthu amene amagwiritsa ntchito katundu wa kampaniyo.

"Ndipo mayi," anatero akutseka cholembera, "desiki ilipo yopanda munthu. Mwezi wamawa tili ndi nkhani ya kampani ya sopo."

"Imeneyo ndiye musayambe n'komwe ndisanafike," anayankha mayiwo. "Sopo wake amatha ngati mchere m'madzi."

Pobwerera, a Zanyengo ananyamula chikwama cha akazi awo msewu wonse, osasamala za amene akuwaona. Aliyense wodziwana naye amene anakumana naye anauzidwa nkhani ya chala cha a Foni, mpaka mayiwo anawakoka malaya kuti anthu apite kwawo.

Lolemba nyuzipepala inabwera, mtengo uli pa 14 pomwe paja. A Zanyengo anaika kadontho kakuda pansi pa mzere wofiira. Kenaka anatenga rula n'kutsegula danga latsopano m'mphepete mwa pepalalo.

"Amayi, kusitolo lero kuli bwanji?"

"Woyera watha, wabuluu watsala mipukutu itatu," anayankha mayiwo, makina akulira. "Ndipo mulembe bwino, ndidzaona."