Maola Khumi ndi Limodzi Pamwamba pa Nyanja

Dzenje kumanda linali litafika kale m'chiuno pamene Ezelina anayesanso nambala ya mng'ono wake, Febby. Foni inali yozimabe. Febby anali nesi ku Perth, m'dziko la Australia, ndipo atamva kuti atate awo, a Julio, afooka, anakwela ndege yoyamba imene anapeza. Koma mkuluyo anatsilizika m'mamawa pakhomo pake pa Kacholola, mwana wake ali m'mwamba, osadziwa kanthu.

A Vitalis, mng'ono wa malemuwo, anafuna kuti malilo aikidwe tsiku lomwelo. Unali Okutobala, kunja kukutentha ngati moto, ndipo iwo anati thupi silingagone m'nyumba ya malata kufika tsiku lachiwili. Ezelina anagwada pambali pawo n'kuwawelengela ulendo wonse: kuchoka ku Perth kufika ku Johannesburg ndi maola khumi ndi limodzi, pansi madzi okhaokha. Akatsika adikile ndege ina ya maola awili yopita ku Lusaka, agone kumeneko, kenako akwele basi. Mailo masana akhala atafika.

"Amai athu tinawaika m'mbali mwa njila tikuthawa nkhondo ku Mozambique," anatelo a Vitalis. "Panalibe bokosi, panalibe wodikila mnzake. Lelo tisunge munthu aonongeke chifukwa cha ndege?"

Anamulamulanso kuti Febby akaimba amuuze kuti atate ali m'tulo, kuti ayende ndi mtima wokhazikika. Kuseli kwa nyumba, a Simon akalipentala anali atamaliza kupala chivundikilo cha bokosi.

Foni inalila dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu.

"Asisi, ndatsika ku Joni," anatelo Febby, mawu ali otopa. "Apatseni foni atate, ndingowamva mawu."

A Vitalis anapukusa mutu momuchenjeza. Ezelina anatsegula pakamwa kuti anene za tulo zija, koma nthawi yomweyo amai a kuchalichi amene anali m'nyumba anayamba nyimbo ina.

"Akuimba ndani kumeneko?" anafunsa Febby.

Ezelina anamuuza zonse, ndi nthawi yake yomwe. Mufoni munamveka phokoso la pabwalo la ndege, mawu a mzimai akuitana anthu okwela. Febby anali asanaone atate ake zaka zisanu ndi chimodzi.

"Musakhome bokosi," anatelo pomaliza. "Ndingowaona nkhope basi. Zina zonse chitani mmene mufunila."

Ezelina anaimilila. Anapita kwa a Simon, natola misomali yonse imene inali m'chitini, n'kuimanga pamfundo ya chitenje chake. Anthu akuyang'ana, anaimbila foni mwini kanta, galimoto yonyamula katundu pamsewu, kuti abwele atenge thupi kukalisunga kumochale ku Nyimba.

A Vitalis anamukumbutsa kuti manda okumbidwa sagona opanda mwini wake. Ezelina anayankha motsitsa mawu kuti ngati pali mlandu, ausenza yekha.

Posakhalitsa kanta inaima pabwalo. A Vitalis anatuma munthu kumanda kukauza okumba kuti aphimbe dzenje ndi nthambi. Anavula chipewa, nagwila bokosi cha kumutu, n'kukwela nalo kumbuyo kwa galimoto kuti mkulu wawo asapite yekha ku Nyimba.