Ndinayankha Kuti Palibe

Mwini nyumba anatipatsa masabata atatu. Anabwera m'mawa ku shopu yanga yosokera n'kupeza mphasa pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, mwana wa mng'ono wanga akutsuka mano pakhomo.

"Ndinakubwereketsani shopu, osati chipinda chogona," anatero. "Mwezi ukatha ndikadzapezanso mphasa, mutuluke nonse ndi makina omwe."

Mng'ono wanga ndi mwana wake anali atagona mmenemo miyezi isanu chithereni banja lake. Kwathu sakanakwana. Chipinda n'chimodzi, ine, bambo akunyumba ndi ana anayi, moti ukatembenuka umaponda munthu.

Tsiku lomwelo, ngati dala, Amake Mapasa a pa saluni yoyandikana nafe analowa akugwedeza kiyi. Amalume awo, amene ankagona mu salunimo, anali atapatsidwa chipinda m'nyumba zimene khonsolo ya mzinda inakonzera anthu osowa pokhala.

"Chili ndi zenera, aneba, ndipo mpopi uli panja pomwepo."

Pakamwa ndinati Mulungu ndi wabwino, koma ndisaname, nsanje inandidya. Amalumewo ndi munthu mmodzi, ife tili ndi mwana wasukulu, nanga iwo anatiposa chiyani? Tsiku limenelo ndinasoka mkono wa diresi chozondoka kawiri. Aliyense wobwera kudzayesa chovala ndinkamuuza kuti pa saluni paja anapereka kangachepe. Umboni ndinalibe ngakhale pang'ono.

Mphekesera sizichedwa. Patapita masiku awiri Amake Mapasa anaima pakhomo panga, chipeso chili m'manja.

"Zimene mukunena ndamva, aneba. Ine sindinapereke kanthu. Mwaiwala anthu a ku yunivesite aja, amene anayenda mumsewu muno akufunsa mafunso n'kumalemba mayankho pa matabuleti onga foni zazikulu? Anandifunsa, ndinayankha, basi. Mawa tiyeni ku ofesi yawo mukafunse nokha."

Tinapita atatu, ine, iwo ndi mng'ono wanga. Ofesiyo inali kachipinda ka ku khonsolo, mipando inayi ndi kompyuta yoonetsa mapu a mzinda okhala ndi timadontho. Mayi wa magalasi, wochita kafukufuku, anatilandira. Ine ndinatulutsa zakukhosi zonse, ndi mawu akuti kukondera omwe.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Pa shopu yanu tinafika. Mayankho a munthu timawasunga mwachinsinsi. Ndiwerenge anzanuwa ali pompano?"

"Werengani, ndilibe chobisa."

"Funso linali lakuti, kodi pali munthu amene amagona pano chifukwa alibe kwina? Munayankha kuti palibe."

Ndinakumbukira. Tsiku limenelo m'shopu munali makasitomala awiri olemera, akuyesa zovala za ukwati. Mng'ono wanga ankasita pakona. Ndinachita manyazi kunena pamaso pawo kuti m'bale wanga alibe nyumba, ndiye ndinati palibe, n'kuwonjezera kuti uyo ndi wantchito wanga.

"Ndinamva, achemwali," anatero mng'ono wanga motsitsa mawu. "Ndinangopitiriza kusita."

Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Masiku onsewa ndinkasaka amene anatitsekera chitseko, osadziwa kuti ndinali ine.

Mayi wa magalasi sanandinyoze. "Si inu nokha," anatero. "Ogona m'misewu timawaona ndi maso. Koma ogona m'mashopu, m'makhitchini a abale ndi m'makhonde sitingawadziwe pokhapokha wina atiuze. Kadontho kalikonse pa mapuwa ndi munthu amene analembedwa. Wosalembedwa, khonsolo imayesa kuti kulibe."

"Ndiye amasankha ndi makinawa?" ndinafunsa.

"Ayi, mayi. Kompyuta imangosanja zimene mwatiuza: amene ali ndi mwana, amene akudwala, amene watsala pang'ono kuthamangitsidwa. Kenako anthu a komiti yogawa zipinda amabwera kudzaona okha, ndipo salipiritsa. Zipinda n'zochepa, sindingakulonjezeni tsiku. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Anatembenukira kwa mng'ono wanga n'kumufunsa yekha ngati akulola kulembedwa. Analola. Ananena za mwana, za miyezi isanu, ndi za tsiku limene mwini nyumba anatipatsa. Ulendo uno ine ndinatseka pakamwa.

Anthu a komiti anabwera sabata yotsatira. Ndinawaonetsa pansi pa tebulo makasitomala akuona, ndipo palibe amene anaseka. Kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe, foni ya mng'ono wanga inalira. Chipinda chinapezeka.

Kupepesa kwa Amake Mapasa kunali kosavuta, chifukwa anangondimenya ndi chipeso paphewa n'kuseka. Chovuta chinali kuuza makasitomala mmodzimmodzi kuti za kangachepe zija ndinanama.

Tsiku losamuka ndinasenza katundu mpaka pakhomo latsopano. Nditati ndilowe, mng'ono wanga ananditchinga akumwetulira.

"Muzigogoda, achemwali. Pano ndi panga."

Ndinagogoda, misozi ili m'maso.

Choncho anzanga, ochita kafukufuku a mzinda akafika ndi mafunso okhudza pokhala, funsani kuti ndi ndani ndipo mayankho anu awasunga bwanji, kenako nenani zoona. Ngati munabisa, pitani mukakonze. Mnzanu akathandizidwa, mufunseni njira m'malo momujeda. Kusowa nyumba si mlandu, koma kubisa m'bale wako n'kumutsekera thandizo.