Mkanjo Wobwereka pa Maliro a Mzee Kibwana

Lamulo la Shehe Mwinyimvua ndinkalidziwa bwino lomwe: tsiku la maliro, mlendo wodzaona malo asaponde mumzikiti. Ntchito yanga pachilumba chathu ndi yoonetsa alendo mzikiti wakalewu, ndipo Shehe anali atandichenjeza kale kawiri pa zina. Anati kachitatu adzandilanda makiyi.

Koma tsiku limenelo ndinadziyesa wochenjera. Mzee Kibwana, muazini wathu amene anaitanira anthu ku swala, mapemphero athu aja, kwa zaka makumi anayi, anamwalira mbandakucha. Akazi awo, Bi Zuhura, anakakamira kuti maliro asatuluke m'nyumba mpaka afike mwana wawo mmodzi yekhayo, Nassoro. Ameneyu anachoka ali ndi zaka khumi ndi zitatu kupita kwa amalume ake kumigodi ya golide ya ku Mbeya, ndipo sanabwerenso. Akazi a pachitsime anawadya miseche mayiwo zaka zonsezi, ati anabala mwana wotaya makolo. Tsopano Bi Zuhura ankauza aliyense kuti uthenga wa matenda unapita sabata yatha, mwana ali m'njira, bambo ake adzawagoneka yekha m'manda. Ine ndinati, akamadikira bwato la masana, mlendo wanga wa tsikulo adzakhala atazungulira n'kutuluka.

Mlendoyo anatsika m'bwato la m'mawa atavala kabudula, miyendo ili mbuu ndi fumbi la ulendo. Anati dzina lake ndi Gwakisa Mwakalinga, mphunzitsi wa ku Tukuyu, kufupi ndi Mbeya. Mzikiti wathu ankauphunzitsa ana m'kalasi koma anali asanauonepo.

"Ine ndine mkhristu, achimwene, ndimaimba kwaya," anatero tili pakhomo. "Ndiloledwa kulowa?"

"Inu muloledwa. Mawondo anuwa ndi amene saloledwa."

Ndinatsegula bokosi langa n'kumupatsa mkanjo woyera ndi kofiya, monga ndimachitira ndi aliyense wobwera miyendo ili pamtunda. Zinamukhala ngati anamuyeza telala. Anavula nsapato, tinalowa.

Munthu uja anali wa mafunso. Ankasisita zipilala za miyala ya m'nyanja, kufunsa kuti laimu ankamuotcha bwanji, kuwerenga mizati ndi chala. Kenako anayang'ana kudenga pakamwa pali yasa. Mleme unagwedezeka kumeneko, fumbi la laimu n'kumuthira m'maso monse muwiri. Misozi inayamba kutsika yokha.

Nthawi yomweyo ndinamva mawu a amuna ambiri akutchula dzina la Mulungu, akuyandikira. Maliro! Ndinamva pambuyo pake kuti Shehe anaona kutentha kwa dzuwa n'kunena kuti thupi silingadikirenso bwato. Mzikiti wathu uli ndi khomo limodzi, linalo linagumukira m'nyanja agogo anga asanabadwe. Ndinasowa kolowera.

Jeneza, chonyamulira maliro chija, inalowa ili pamapewa. Patsogolo panali Mzee Kombo, mchimwene wa malemu, amene maso awo anachita ng'ala kalekale. Anaima. Anaona munthu wamtali wachilendo, mkanjo woyera, ataima pafupi ndi pamene Mzee Kibwana ankakhala, misozi ili chuchuchu.

"Mwafika ndi bwato la m'mawa?" anafunsa.

"Inde, bambo," anayankha Gwakisa akupukuta m'maso.

"Kuchokera ku Mbeya?"

"Komweko. Mwadziwa bwanji?"

"Nassoro! Mwana wa mng'ono wanga!" Nkhalamba ija inamukumbatira n'kuyamba kulira pachifuwa pake. "Wayamba kudzalira pamalo pa bambo ako usanafike n'kunyumba komwe. Magazi sanama!"

Apa ndi pamene ndikanalankhula. Mawu anali pakamwa penipeni. Koma Shehe anandiyang'ana, n'kundigwedezera mutu ngati akundithokoza kuti ndakamulandira mwanayo kudoko. Paja amati manyazi anapha lambe. Ine chinanditseka pakamwa ndi mantha, ndinene zoona.

"Amalankhula ngati wa kumapiri," wina ananong'ona kumbuyo kwanga.

"Zaka makumi awiri kumigodi, umafuna azilankhula ngati amako?" anamudula mnzake.

Gwakisa anandiyang'ana ndi maso ofiira aja. "Anthu a kuno ndi achikondi bwanji," anandinong'oneza. "Nassoro ndi moni wake?"

"Ingokhalani chete, aphunzitsi. Muzichita zimene ine ndikuchita."

Swala ya maliro ilibe kugwada kapena kugunditsa chipumi pansi. Anthu amangoima m'mizere, manja pachifuwa. Ikanakhala swala ina iliyonse, akanagwidwa pa kuwerama koyamba. Koma iyi ngakhale woimba kwaya angaithe. Anamuika kutsogolo, pakati penipeni, ndipo anaima mwaulemu kuposa ena a ife amene tinakulira momwemo. Ine sindikudziwa kuti ndinapemphera chiyani. Mutu unali utaima.

Popita kumanda, jeneza sinyamulidwa ndi anthu anayi okha. Aliyense amaika phewa, kuyenda mapazi angapo, n'kusiyira mnzake. Ndinati apa ndi pothawira: akangosiyira wina, ndimukokera m'tchire tizikakwera bwato. Koma akasiya chakuno, amuna ankamukankhiranso chauko. "Mpatseni malo mwana, anyamule bambo ake!" Ananyamula maulendo asanu ndi awiri. Thukuta linanyowetsa mkanjo wanga wonse.

"Achimwene Mbwana," anandiitana akupuma movutikira, "zimenezi zili m'gulu la zoonetsa alendo?"

Ndinaika phewa pa jeneza ngati sindinamve.

Pamanda Shehe anati atsike atatu: mwana wa malemu, ndi awiri omuthandiza. Mzee Kombo anamugwira dzanja Gwakisa n'kumufikitsa m'mphepete mwa dzenje. Ine ndinadumphiramo msanga wina asananditsogolere, n'kumukokera pansi. Wachitatu anali Hamadi msodzi, amene khutu lake linafa ndi kumira m'madzi akuya. Mulungu anandichitira chifundo pamenepo pokha.

M'dzenjemo munali motentha, mopanikiza. Gwakisa anandigwira mkono mwamphamvu.

"Ndiuzeni tsopano. Amene ndanyamulayu ndani?"

"Bambo anu."

"Bambo anga ali ku Tukuyu akupalira nthochi!"

"Tsitsani mawu! Akuyesa ndinu mwana wawo. Akhala akumudikira, sanabwere."

"Ndiye inu bwanji osawauza?"

"Nanga inu munaliriranji?"

Anatsegula pakamwa kuti akuwe, ndinaona ndithu. Koma pamwamba pathu panachita mdima. Thupi lokulungidwa m'nsalu yoyera linali likutsika kale, manja ambiri akulipereka kwa ife. Gwakisa anayang'ana nkhope zonse zija zitazungulira dzenje, anayang'ana Mzee Kombo akulira. Anatambasula manja.

"Ndigwire pati?" anafunsa.

"Kumutu."

Mzee Kibwana anali atapepuka ndi matenda. Tinawagoneka chammbali, kudzanja lamanja, m'kamphako kokumbidwa m'khoma la manda. Ndinamuonetsa Gwakisa momasulira mfundo za nsalu ndi motembenuzira nkhope kuti iyang'ane ku Maka. Anachita pang'onopang'ono, dzanja lina atachirikiza mutu kuti usagunde mwala. Tsaya litakhudza dothi, anasalaza dothilo ndi chikhatho chake. Zimenezo sindinamuuze ine.

Tikutuluka, ndinali ndisakudziwanso ngati ndachita tchimo lalikulu kapena laling'ono, kapena ngati tchimolo ndi langa, la Gwakisa, kapena la Nassoro amene sanabwere. Mkhristu wagoneka muazini wathu! Ndinkafuna kufunsa munthu wodziwa malamulo, koma wodziwa malamuloyo anali Shehe, amene nthawi imeneyo anali akumupsompsona Gwakisa pachipumi.

Tikubwerera, bwato la masana linafika. Ndinaima n'kuyang'anitsitsa. Munatsika matumba a simenti, mbuzi ziwiri ndi mayi wina wa mwana kumsana. Linalibe mwamuna aliyense wachilendo.

"Tiye ukaone mayi ako," anatero Mzee Kombo kwa Gwakisa.

"Kwa mayi wofedwa sindinganame," Gwakisa anandinong'oneza. "Ndikanena ndekha."

Zinthu zinafika pa mwana wakana phala. Pabwalo la Bi Zuhura panali podzaza akazi, a pachitsime aja ali kutsogolo, makosi atatalika. Mayiwo anatuluka pakhomo atafunda nsalu yoyera. Anamuyang'ana Gwakisa kuyambira kukofiya mpaka kumapazi odzaza dothi la kumanda. Anayang'ana nthawi yaitali moti ndinamva nkhuku ikupalasa kuseri kwa nyumba.

"Watsikamo yekha, mlamu," anatero Mzee Kombo mokweza kuti onse amve. "Wawagoneka bambo ake ndi manja ake."

"Lowa, mwanangu," anatero Bi Zuhura. "Nawenso Mbwana, lowa. Enanu mutipatse mpata."

Anatseka chitseko. Anakhala pamkeka, ife tili chiimire ngati ana oba mango.

"Mbwana, munthuyu wamutola kuti?"

Ndinaulula zonse, za kabudula, za mleme, za mantha anga. Gwakisa anagwada n'kuvula kofiya.

"Mayi, ndikhululukireni. Ine ndinangobwera kudzaona mzikiti. Sindine Msilamu n'komwe. Mwina mwana wanu afika mawa, basi za kwathu zimachedwa."

"Safika," anatero mayiwo. "Anandiimbira Lachitatu. Anati ntchito yachuluka, akamwalira tiike basi."

Ine ndinafunsa, "Nanga Bi Zuhura, bwanji munkati tidikire bwato?"

"Ukanakhala iwe ukanawauza chiyani akazi ali panjawo? Ndinkangoti lifike bwato ili, lifike linalo. Sindinkadziwa kuti ndidzatani likadzafika lomaliza."

Anatembenukira kwa Gwakisa. "Nkhope munaiyang'anitsa koyenera?"

"Inde, mayi. Achimwenewa anandionetsa."

"Simunawagwetse? Anali ndi chilonda paphewa."

"Ndinagwira bwino. Sanagunde paliponse."

Apo ndi pamene Bi Zuhura analira, mosatulutsa mawu, atatseka kumaso ndi nsalu. Ine chisoni chinandigwira, pamodzi ndi ukali pa munthu wa kumigodi amene nkhope yake sindinkaikumbuka n'komwe. Panja akazi anali atayamba kupakula mpunga wa kokonati, mbale zikugundana.

Atapukuta m'maso, Bi Zuhura anauza Gwakisa kuti, "Valani kofiyayo. Lero simupita. Mukadya pakhonde, pamene onse akuoneni, ndipo mugona m'nyumba muno. Mukwera bwato la mawa."

"Koma mayi, akandifunsa za kale ndiyankha chiyani?"

"Wofedwa safunsidwa mafunso. Muziweramitsa mutu basi."

Ananyamuka n'kugwira chitseko, koma sanatsegule. Anabwerera pafupi ndi Gwakisa n'kutsitsa mawu.

"Tandiuzani dzina lanu lenileni. Panjapo mukhala Nassoro mpaka mawa, koma ndikamakupemphererani, kwa Mulungu sindingapite ndi bodza."