Mzere wa Membala Sufufutidwa

"Ndiye wati tilipo angati m'bungwemu?"

"Za kuchuluka kwathu bwana wa ku ofesi ya mapulani sanafunse. Akuti tibweretse pulani imodzi."

"Imodzi yokha? Ine ndinayamba kujambula nyumba nkhondo isanayambe, lero ndikayesedwe mayeso ngati mwana wa sukulu?"

"Imodzi yokha, a wapampando. Ikakhala yopanda cholakwa, ayamba kulandira mapulani a bungwe lathu popanda dzina la mzungu. Koma akapezamo cholakwa, akuti tisadzapondenso pa ofesi pake."

Woyankhayo anali Lackson, mlembi wa Bungwe la Ojambula Mapulani a Nyumba la Blantyre ndi Limbe. Wofunsayo anali a Morris, wapampando, bambo wa ku Chilobwe amene anapuma ntchito ku boma ndipo ankayendabe ndi pensulo kukhutu ngakhale ku maliro. Wachitatu pa tebulopo anali Che Hamdani, yemwe m'kati mwa sabata ankayendetsa lole, Loweruka n'kumajambula mapulani. Malo a msonkhano anali kuseri kwa tiyirumu ya mchimwene wa Che Hamdani, pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Limbe, kotero kuti sitima ikalira mfundo zonse zinkayamba zaima.

Inali nthawi ya Chitaganya. Pulani ya nyumba ya njerwa m'tauni sinkavomerezedwa ngati m'kabokosi ka pakona yam'munsi mulibe dzina la mzungu wophunzira za zomangamanga. Lackson ankagwira ntchito kwa mzungu wotero mu msewu wa Victoria. Iye ndiye ankajambula, kuyambira maziko mpaka ngalande, bwana n'kubwera madzulo kudzalemba dzina m'kabokosi muja. Lackson ankadutsa pa nyumba zomwe anazijambula yekha, alonda n'kumamuthamangitsa kuti akuima pamalo osayenera. Chomwe ankafuna pa moyo wake chinali chaching'ono zedi, chokwana m'kabokosi: dzina lake pa pulani yake.

N'chifukwa chake anakhala akupita ku ofesi yovomereza mapulani m'dzina la bungwe, n'kumakhala pa benchi yapanja mpaka mesenjala anayamba kumupatsa moni ngati mnzake wa pantchito. Mkulu wa ofesiyo, amene aliyense ankangomutchula kuti Bwana Chidindo, anatopa kuona nkhope yomweyomweyo, ndipo ndi mmene mawu aja anatulukira.

Bungweli kale linali ndi anthu ambiri. Chinalitha ndi labala. Wojambula pulani sangaone mzere wa mnzake osafuna kuukonza, monga momwe telala sangaonere malaya a telala mnzake osawagwira msoko. Tsiku lina a Morris anafufuta chumuni cha membala wina, Yona, pa pulani, Yonayo atangopita kukataya madzi. Yona atabwera anayang'ana pulaniyo kamodzi kokha. Ananyamula chipewa chake, anzake onse a ku Ndirande, ndi ketulo ya bungwe. Otsalawo, poona kuti atsala pang'ono kutheratu, anakhazikitsa lamulo limodzi lomwe ankalinena poyamba msonkhano uliwonse, pemphero lisanachitike: mzere wa membala sufufutidwa.

"Nanga tijambula nyumba ya yani?" anafunsa a Morris.

"Abiti Alidi akufuna sitolo," anatero Che Hamdani. "Njerwa anawotcha kale. Akungodikira pepala."

A Morris anameza tiyi molakwika. Abiti Alidi ankagulitsa nsalu ndi mchere mu msika wa Limbe, ndipo ngakhale amwenye a masitolo akuluakulu ankayamba akonza kolala asanakambe nawo mtengo.

Lackson anakawapeza pa benchi yawo mu msika. Mayiwo sanataye nthawi.

"Mwanangu, ine za makongoletsedwe ayi. Chipinda chogulitsira, chipinda cha katundu kumbuyo, mawindo okhala ndi zitsulo. Khomo limodzi."

"Limodzi, mayi? Ambiri amaika lina kumbuyo."

"La kumbuyolo ndi la akuba ndi achibale. Limodzi. Wolowa ndimuone, wotuluka ndimuone kawiri."

Lackson anajambula pulani ija yoonetsa nyumba ngati mwaichotsa denga n'kuisuzumira kuchokera pamwamba. Makoma anali mizere yakuda bii. Khomo analiika pakati penipeni pa khoma lakumaso. Tsono pa pulani yotere khomo si chinthu chojambulidwa. Ndi pamene mzere wadukira n'kukayambiranso patsogolo, kampata koyera basi. Wojambula amalipidwa chifukwa cha mizere, koma mwini nyumba amalowera pamene wojambulayo sanalembepo kanthu.

Loweruka lotsatira anaiyala pa tebulo la ku tiyirumu, nati Lolemba akaipereke.

"Ukapereke?" A Morris anachotsa pensulo kukhutu. "Iwe Lackson, ili ndi bungwe kapena ndi munda wa amako? Pulani ya bungwe imakhala ndi dzanja la membala aliyense."

"Zoona zimenezo," anatero Che Hamdani. "Nafenso tikhudzepo. Kodi tikhala tikungobwerera masikono ngati awa?"

Ankanena kalipentala wina ndi munthu wolemba zikwangwani, amene ankabwera ku misonkhano pakakhala masikono ndipo ankakweza manja pa mfundo iliyonse, ngakhale ziwiri zotsutsana. Anakwezanso.

Poti nthawi inali itatha, anagwirizana kuti a Morris ndi Che Hamdani aliyense atengere pulaniyo pa pepala loonekera, lija mumaliika pamwamba pa linzake n'kumatsata mizere. Aliyense akawonjezere nzeru zake kunyumba, mawa Lackson akatenge mapepala awiriwo ndi kuwaphatikiza kukhala pulani imodzi.

"Nanga m'kabokosimu tilemba dzina la yani?" anafunsa Che Hamdani.

A Morris analingalira. Dzina lawo linali loyenera, koma anakumbukira mawu aja a cholakwa.

"Achinyamata nawonso aphunzire kusenza udindo," anatero mokoma mtima. "Lackson alembe lake."

Lackson sanamvenso ngakhale kulira kwa sitima.

Ku Chilobwe, a Morris anayang'ana khomo lapakati lija napukusa mutu. Ana a masiku ano sadziwa chiperoni. Mphepo ikabwera ndi mvula yowaza, idzalowa molunjika mpaka pa mchere wa mayiyo. Khomo liyenera kukhala chakumanja, pafupi ndi kona. Lamulo la bungwe analikumbukira, koma analipezera njira. Pakati paja anatseka ndi mzere wonenepa, poti kuwonjezera mzere sikuletsedwa. Chakumanja anangodumphitsa cholembera n'kusiya mpata. "Kusiya mpata si kufufuta," anauza akazi awo, amene sanafunse n'komwe.

Ku Limbe, Che Hamdani anayang'ana khomo lomwelo ndi maso a dalaivala. Lole yochokera ku siteshoni imakhotera kumanzere kwa pulotiyo. Munthu asenze thumba la mchere mpaka pakati, chifukwa chiyani? Anatseka pakati, nasiya mpata chakumanzere. Anaupeza mtima wawo uli woyera, poti labala sanamugwire.

Palibe amene anauza Lackson. Aliyense anaganiza kuti nzeru yabwino siifuna mkangano, ikaonekera yokha.

Lamulungu atabwera ku tchalitchi, Lackson anazungulira pa njinga kutenga mapepala awiriwo. Kunyumba anawamata pa galasi la windo, lina pamwamba pa linzake, makona atalingana bwinobwino, naika pepala latsopano pamwamba pa onse. Dzuwa la masana linawala kumbuyo, mizere yonse n'kuonekera ngati ya munthu mmodzi. Ntchito yake inali yosavuta: paliponse pamene pali mzere wa membala, atsate. Pamene a Morris anasiya mpata, panaonekera khoma la Che Hamdani. Lackson anatsata. Pamene Che Hamdani anasiya mpata, panaonekera khoma la a Morris. Lackson anatsata. Pakati paja onse awiri anali atagwirizana, mwina koyamba chikhazikitsire bungwe, ndipo mzere wake unali wakuda kuposa yonse.

Dzanja linkatsata mizere, koma mutu unali uli kale pakona yam'munsi. Anali atayeserera dzina lake pa nyuzipepala yakale mpaka malo anatha. Atafika pa kabokosi anapukuta manja, napuma mpweya, nalemba pang'onopang'ono ngati munthu wodutsa pa mlatho wa mtengo umodzi. Kenaka anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana. Sanaonepo pulani yaukhondo chotero. Sitolo ya Abiti Alidi inali yotsekeka mbali zonse ngati chitini cha mkaka chosaboola.

Lolemba atatuwo anafika pa ofesi atavala majekete. Pulani inali yokulungidwa, ndipo a Morris ndi Che Hamdani sanapemphe kuiona, aliyense poopa kuti mnzake angadziwe msanga kuti wagonja. Bwana Chidindo anawasiya ataima chapatali, kufupi ndi chitseko. Anayala pepalalo, natenga rula. Iye anali ndi zinthu zake zimene ankagwirira anthu: kunenepa kwa khoma, kutalika kwa chimbudzi kuchokera pa nyumba, kumene ngalande ikuthira, kukula kwa mawindo. Anayeza khoma. Anayeza chimbudzi kawiri, poti ambiri ankagwera pamenepo. Anatsata ngalande ndi nsonga ya kaliwo wake mpaka ku msewu. Anafufuza malo amene mizere yalephera kukumana, chizindikiro cha dzanja laulesi, ndipo sanapeze ngakhale amodzi.

"Chabwino ndithu," anatero m'Chinyanja chake cha m'buku. "Makoma olimba. Palibe mpata."

"Ndi ntchito ya bungwe, bwana," anatero a Morris, chifuwa chili patsogolo.

Chidindo chinagwa, phaa, pambali penipeni pa dzina la Lackson.

"Tsopano mverani," anatero bwanayo. "Chimene ndadinda, chimangidwa chomwecho. Osasuntha njerwa imodzi. Woyendera wanga adzabwera kudzaona. Mukabwera kunena kuti munalakwitsa, mawu anga aja mukuwadziwa."

Lackson anakulunga pulani mwamsanga, kuopa kuti munthuyo angasinthe maganizo. Sabata yonse ankaifunyulula pakona pokha.

Mbiri inayenda. Loweruka kuseri kwa tiyirumu kunadzaza mpaka ena anakhalira mabokosi a sopo. Anyamata a ku Ndirande anabwerera. Yona naye analowa, osapereka moni kwa a Morris, naika ketulo ya bungwe pa tebulo ngati anangopita nayo kukatunga madzi.

A Morris anaimirira. Anayamba ndi nkhondo isanayambe, nadutsa m'zaka zawo za ku boma, sitima n'kuwadula, iwo n'kuyambiranso.

"Abale anga," anatero pomaliza, "chatipambanitsa n'chiyani? Umodzi! Pa pulani iyi palibe mzere wa munthu umene watayika. Wanga ulipo. Wa Che Hamdani ulipo. Ngakhale wa mnyamatayu ulipo."

"Nanga chumuni changa?" anafunsa Yona.

"Za chumuni tidzakamba pa msonkhano wina."

Kalipentala ndi wolemba zikwangwani anakweza manja.

Pamenepo Abiti Alidi analowa, anthu n'kupatuka okha.

"Ndamva kuti pepala langa latuluka. Amisiri ndawauza kuti Lolemba ayambe kukumba."

Lackson anasuntha makapu, nayala pulani yonse pa tebulo, napsinja makona ndi mbale. Chala chake chinapita chokha pa kabokosi.

"Apa, mayi, ndi dzina langa. Apa ndi chidindo."

"Dzina lako sindigulitsiramo mchere, mwanangu. Msewu uli kuti?"

"Uwu, mayi."

Mayiwo anaika chala pa msewu, nachiyendetsa ngati munthu wobwera kudzagula. Chinafika pakati pa khoma lakumaso, chinagunda mzere, chinaima. Che Hamdani ndi a Morris anamwetulira pa nthawi imodzi, aliyense akuyang'ana kumbali. Chala chinakhotera kumanja. A Morris anaweramira patsogolo, sikono ili m'kamwa, kudikira kuti chilowe pa khomo lawo. Chala chinadutsa, chinafika pakona, chinakhota. A Morris anasiya kutafuna.

Chinayenda khoma lam'mbali, chinazungulira kumbuyo, chinadutsa pafupi ndi chimbudzi choyezedwa kawiri chija, chinatulukira kumanzere. Che Hamdani anatsokomola monyadira. Chala chinadutsanso, n'kukafika pakati pomwe chinayambira.

Abiti Alidi anazunguliranso kachiwiri, pang'onopang'ono, ngati nyerere pa chitini cha shuga. M'chipindamo munali ojambula mapulani ochuluka kuposa tsiku lina lililonse chiyambire bungwe, ndipo maso onse anatsata chalacho. Yona anagwira chogwirira cha ketulo. Lackson anayang'ana dzina lake, zilembo zoongoka bwino, chidindo chili pambali, inki itauma kalekale.

Mayiwo anachotsa chala pa pepala, nayang'ana a wapampando, nayang'ana Che Hamdani, maso n'kukathera pa mwini dzina.

"Nanga ine ndizilowera pati?"